Tisanakangane za nambala, tifunse njira imene yadzera

Mu 2024, nyengo yokolola itafika, boma linalengeza kuti dziko lonse la Zambia lidzakolola cimanga cokwana matani pafupifupi 1.5 miliyoni cabe, pamene caka ca m'mbuyo mwake tinakolola matani opitirira 3.2 miliyoni. Alimi sanadabwe nazo. Anali ataona kale ndi maso awo cimanga cikufota m'munda cisanabereke, ndipo Pulezidenti Hakainde Hichilema anali atalengeza pa 29 February kuti cilala cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Komabe maofesi a ku Lusaka sayendera maso a mlimi, amayendera nambala. Nambala ija ndi imene akuluakulu anali nayo patsogolo pawo pokambirana za cimanga coitanitsa kunja ndi za cakudya ca cithandizo. Caka cotsatira, mu 2025, nambala inakwera kufika pa matani pafupifupi 3.7 miliyoni, ndipo nkhani inatembenuka: tsopano anthu anayamba kukamba za kugulitsa cimanga kunja kwa dziko.

Pa nthawi ngati zimenezi pamamveka funso limodzi, kaya ndi panja pa chalichi Misa itatha, kaya pa msika, kaya pa depoti ya FRA anthu akuyembekeza sikelo: kodi anawerenga ndani? Kodi kunabwera munthu kudzasuzumira m'nkhokwe yanu? Ambiri amayankha kuti iyayi, ndipo nkhani imathera pa kunena kuti manambala a boma amangowapeka ali khale mu ofesi. Funsolo ndi labwino ndipo ife sitifuna kuti lithe. Cimene tikana ndi yankho lofulumiralo. Nambala iliyonse ya boma ili ndi njira imene yadzera, kucokera pa khomo la munthu kufika pa pepala limene nduna iwerenga pa wailesi. Njirayo ikakhala yolembedwa, yodziwika ndiponso yofanana caka ndi caka, munthu wamba angathe kuikhulupirira nambalayo, kapena kuitsutsa ali ndi zifukwa m'manja. Ikakhala yobisika, ngakhale nambala yoona imaoneka ngati bodza.

Vuto limeneli si la Zambia yokha. Maofesi a ziwerengero m'maiko ambiri, olemera omwe, anazindikira kuti m'nyumba imodzi yomweyo gulu lowerenga anthu linali ndi kacitidwe kakekake, gulu loona za mitengo ya zinthu linali ndi kake, la zaulimi kakenso, aliyense ndi mau ake ndi mapepala ake. Munthu mmodzi akapuma pa nchito, nzeru zonse za mmene nambala yakutiyakuti imapezekera zinali kupita naye kumudzi. Conco akatswiri a nthambi ya United Nations yoona za cuma ca ku Europe, imene likulu lake lili ku Geneva, pamodzi ndi anzawo a Eurostat ndi OECD, anatenga ndondomeko imene ofesi ya ziwerengero ya ku New Zealand inali kugwiritsa nchito, naikonza kuti ikwanire ofesi iliyonse. Anaicha Generic Statistical Business Process Model, mwacidule GSBPM. Inayamba kufala mu 2009, inakonzedwanso mu 2013 ndi mu 2019, ndipo lero maofesi a ziwerengero a maiko ambiri, kutali ndi Europe komwe, amaigwiritsa nchito pofotokoza ndi kuyeza nchito yawo.

Dzina lake ndi loopsa koma za m'kati mwake mlimi aliyense angazimve. Ndondomekoyi imati nchito yopanga ziwerengero ili ndi magawo asanu ndi atatu. Uyambe wadziwa cimene anthu afuna kudziwa. Kenaka ukonze mafunso ndi njira yofunsira. Upange zida zake ndi kuziyesa. Upite kukafunsa. Zimene wabwera nazo uzipete ndi kuzikonza. Uzisanthule kuti uone cimene zikunena. Uzilengeze kwa anthu. Potsiriza ukhale pansi, udzifunse pamene unalakwa. M'buku la 2019 magawo amenewa anagawidwanso m'tizigawo 44, ndipo eni ake amanena poyera kuti si lamulo loti uyende mondondoza ngati masitepe a makwerero. Ungabwerere m'mbuyo, ungalumphe cimene sicikukhudza. Cacikulu ndi cakuti pa gawo lililonse pazitsala mbiri yolembedwa ya zimene zinacitika, kuti wobwera pambuyo athe kutsatira mapazi.

Ife a Katolika sitiyenera kuona zimenezi ngati zacilendo, pakuti Mpingo unayamba kale kucita cimodzimodzi. Msonkhano waukulu wa ku Trent unalamula mu 1563 kuti parishi iliyonse izisunga buku la ubatizo ndi la maukwati. Mu 1614 buku la miyambo lochedwa Rituale Romanum linapereka mpangidwe wa kalembedwe kake, ndi kuwonjezapo buku la omwalira. Malamulo a Mpingo a 1983, pa nambala 535, akali kulamula zomwezo. Ndiye cifukwa cake mnyamata wobatizidwa ku senta ya kumudzi mu dayosizi ya Chipata, akafuna kumanga ukwati ku Kitwe patapita zaka makumi awiri ndi zisanu, bambo mfumu wa kumeneko amalemba kalata, ndipo yankho likabwera amamva mzere uliwonse popanda womasulira. Mabuku amafanana, mafunso amafanana, malo olembapo cilimbitso ndi ukwati ali pamodzimodzi. Sikuti alembi onse a maparishi ndi anzeru mofanana. Ndi mpangidwe wa buku umene umawathandiza.

Koma ngakhale m'nyumba mwathu momwemo timapunthwa pamene tanthauzo la mau silinamangidwe. Wolemba nkhani ino wakhala akusonkhanitsa malipoti a pacaka ocokera m'masenta kwa zaka zambiri. Caka cina senta ina inaoneka kuti akristu ake awirikiza kawiri, pamene ina yoyandikana nayo inaoneka ngati theka la anthu lasamuka usiku. Titafufuza tinapeza kuti palibe amene ananama. Mlembi wa uku anawerenga onse, akatekumeni ndi makanda omwe. Mlembi wa uko anawerenga okhawo amene anapereka mtulo caka cimeneco. Funso pa pepala linali limodzi, koma aliyense analimva mwa iye yekha, ndipo panatsala pang'ono kuti ndandanda ya maulendo a Misa isinthidwe cifukwa ca manambala amenewo. Kucokera pamenepo tinayamba kulemba pansi pa funso lililonse kuti wowerengedwa ndani ndipo wosawerengedwa ndani.

Tsopano tengani vuto lomweli mulikulitse kufika pa dziko lonse, ndipo mudzaona cifukwa cake gawo laciwiri, la kukonza mafunso, ndi limene limapha kapena kupulumutsa nchito yonse. Wolemba wa boma akafika pa khomo nafunsa kuti munakolola masaka angati, kodi akunena saka liti? Acikulire ena akali kuwerengera m'mutu saka lakale la makilogalamu 90, pamene la lero ndi la 50. Wina adzayankha kuti ngolo zitatu, osanena ngati ndi cimanga cotonola kapena ca m'zitsononkho. Wina amawerenga ndi mameda. Nanga cimanga caciwisi cimene ana anaocha mu March, ndi cimene munalipira naco aganyu, cilowa kapena sicilowa? Za kukula kwa munda ndiye zoopsa koposa. Lima ndi gawo limodzi mwa magawo anai a hekitala, ndipo hekitala imodzi ili ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka. Mlimi akati munda wanga ndi ziwiri, akutanthauza maekala, wolemba nalemba mahekitala, mundawo wakula kawiri ndi theka pa pepala popanda khasu kukhudza nthaka. Ngakhale mau akuti banja ali ndi msampha wake. Bambo wa mitala amene akazi ake awiri ali ndi nkhokwe ndi mafuwa osiyana, kodi ndi banja limodzi kapena awiri? Mwana amene ali ku sukulu yogonera komweko, adzukulu amasiye amene agogo akusunga, mnyamata woweta ng'ombe amene amadya pamodzi ndi ana a pakhomo, awerengedwa kuti?

Akatswiri a ofesi yathu ya ziwerengero mafunso amenewa amawadziwa, ndipo ali ndi mabuku ophunzitsira olemba awo. Cimene ife tipempha ndi cakuti tanthauzo limodzi ligwire nchito paliponse. Lero mlimi yemweyo amalembedwa ndi mlangizi wa zaulimi pa nkhani ya feteleza wa FISP, amalembedwa ndi a zaumoyo pogawa maneti a udzudzu, amalembedwa ndi a cithandizo pa nthawi ya njala, amalembedwa ndi nyakwawa m'buku la mudzi, ndipo aliyense wa amenewa angakhale ndi banja lakelake m'mutu. Manambala awo akasiyana, anthu amati wina akuba. Nthawi zina alipodi wakuba. Koma kawirikawiri ndi nkhani ya senta ziwiri zija. Lamulo la ziwerengero la 2018, limene linasandutsa Central Statistical Office kukhala Zambia Statistics Agency, linapatsa bungweli udindo wogwirizanitsa ziwerengero za boma lonse. Udindo umenewo uoneke kufikira pa fomu imene mlangizi wa zaulimi amanyamula pa njinga yake.

Tibwerere ku funso lija lakuti bwanji sanafike pa nkhokwe yanga. Pa kalembera wa anthu, amene m'dziko muno wacitika mu 1969, 1980, 1990, 2000, 2010 ndi 2022, olemba amayenera kufika pa khomo lililonse. Koma kafukufuku wa zokolola amene unduna wa zaulimi ndi ZamStats amacita caka ndi caka sali conco. Amasankha mabanja ena kuti aimire onse. Mai wophika ndiwo samaliza mphika wonse kuti adziwe ngati mcere wakwana. Amatakasa bwino, nalawa pang'ono. Nzeru yonse yagona pa kutakasako. Akalawa pamwamba pokha asanatakase, adzanamizidwa. Momwemonso olemba akangofunsa alimi a m'mbali mwa msewu wa tala cifukwa ku midzi ya kuseri kwa dambo galimoto silifika, nambala idzakhala ya anthu a m'mbali mwa msewu. N'cifukwa cake mabanja amasankhidwa mwa maere kucokera pa mndandanda, osati mwa kukonda kwa wolemba kapena kwa nyakwawa, ndipo n'cifukwa cakenso kalembera wa anthu akacedwa, kafukufuku wina aliyense amadwala naye, pakuti mndandandawo umacokera ku kalembera.

Apa pali mau amene tiyenera kuuzana tokhatokha, alimi ndi akristu anzathu, popanda kuloza cala ku Lusaka. Banja limene lasankhidwa silidziyankhira lokha. Pa gawo lacisanu, lopeta ndi kukonza, yankho la banja lililonse limaculukitsidwa molingana ndi mabanja amene likuimira. Tiyerekeze cabe kuti banja lanu likuimira mabanja 100. Mwakolola masaka 30 koma mwauza wolemba kuti 20, poganiza kuti mwina mukaoneka osauka mudzalowa pa mndandanda wa cithandizo. Pa pepala la dziko simunabise masaka 10, mwabisa masaka 1,000. Mnzanu wa mudzi wina wakulitsa munda wake poyembekeza feteleza wambiri, nayenso bodza lake laculukitsidwa ka 100. Pamapeto pake boma lingatseke malire pamene cimanga cilipo cambiri, mtengo nugwa, a bulifikesi nagula saka lanu pa mtengo wa misozi. Kapena lingatsegule malire pamene cimanga n'cocepa, ndipo mu January mudzagula ufa pa mtengo umene simunaulotepo. Palibe ndondomeko ya ku Geneva imene ingawongole yankho limene linapindika pa khomo. Lamulo lacisanu ndi citatu la Mulungu silinapatule wolemba wa boma kuti iye yekha tingamunamize.

Tidziwa kumene mantha amacokera. Makolo athu anaona kuti mzungu akabwera ndi buku kudzawerenga nyumba, cotsatira cake ndi msonkho, ndipo cikumbukiro cimeneco sicinafe. Ena amaopa kuti akachula ng'ombe zawo zonse nkhani idzafika kwa anansi a nsanje. Ena amachula za Mfumu Davide amene analangidwa atawerenga anthu ake, naiwala kuti m'Baibulo lomwelo muli buku lonse la Numeri, ndi kuti Yosefe ndi Maria anayenda ulendo wa ku Betelehemu pomvera kalembera. Yankho la mantha amenewa ndi cinsinsi cotetezedwa ndi lamulo. Mwa mfundo khumi za ziwerengero za boma zimene United Nations inavomereza mu 1994, ndi kuzitsimikizanso pa msonkhano wake waukulu mu 2014, imodzi imanena kuti zimene munthu wauza ofesi ya ziwerengero zisungidwe mwacinsinsi ndipo zigwiritsidwe nchito pa ziwerengero zokha. Lamulo lathu la 2018 nalonso limateteza cinsinsi cimeneci. Mu ndondomeko ya GSBPM muli kagawo kapadera koonetsetsa kuti zolengezedwa zisaulule munthu. Koma cinsinsi colembedwa m'Cingerezi m'buku la ku Lusaka sicitonthoza gogo wa ku Chadiza. Wolemba ayenera kucifotokoza pa khomo m'Cinyanja comveka asanafunse funso loyamba, ndipo ayenera kufunsa mwini nyumba pambali, osati pa bwalo pamene mudzi wonse wachera khutu.

Palinso cinthu cina cimene cimacitika pa gawo lopeta, cimene anthu ambiri sacidziwa. Mzere ukasiyidwa wopanda yankho, kapena yankho likakhala losatheka, monga mwana wa zaka zitatu wolembedwa kuti ali pa banja, akatswiri amakonza kapena kudzaza mpatawo potsata malamulo amene anaikiratu, poyang'ana mabanja ena ofanana nalo. Si cinyengo, ndi mbali ya nchito. Cimakhala cinyengo pokhapokha ngati palibe amene analemba kuti mipata yodzazidwa inali ingati ndipo inadzazidwa motani. Matabuleti amene olemba ananyamula pa kalembera wa 2022 amathandiza, pakuti angakane yankho losatheka munthu akali pa khomo pomwepo, koma tabuleti siidziwa ngati wolemba anafikadi pa mudzi kapena anadzaza mayankho ali pansi pa mtengo wa mango.

Ndiye pali nkhani ya nambala imene imasintha. Zotsatira zoyamba za kalembera wa 2022 zinati tili anthu 19.6 miliyoni, kucokera pa 13.1 miliyoni mu 2010, ndipo atamaliza kupeta nambalayo inakwera pang'ono kufika pa 19.7 miliyoni. Ena amamva zotere nati mwaona, sadziwa cimene acita. Ife tiona mosiyana. Ofesi imene imati iyi ndi nambala yoyamba, yotsiriza ibwera, ndipo pobwera nayo imafotokoza cimene casintha, ndiyo yoyenera kuikhulupirira. Mu 2014 ofesi yathu inasintha caka coyambira poyeza cuma ca dziko, kucoka pa 1994 kufika pa 2010, ndipo cuma ca Zambia cinapezeka cacikulu ndi gawo limodzi mwa magawo anai kuposa mmene tinali kuganizira. Caka comweco Nigeria inacita cimodzimodzi ndipo cuma cake pa pepala cinatsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Palibe amene analemera usiku umenewo. Muyeso wakale unali utatsalira, sunali kuona malonda atsopano monga a mafoni a m'manja. Caka cimodzi m'mbuyo mwake, mu 2013, katswiri wina wa ku Norway, Morten Jerven, anatulutsa buku lochedwa Poor Numbers, limene linayambira pa zimene anaona ku ofesi ya ziwerengero ku Lusaka, ndipo linadandaula kuti manambala a cuma a maiko ambiri a mu Africa amapangidwa ndi anthu ocepa opanda zida zokwanira. Bukulo linakwiyitsa akuluakulu ena a ziwerengero mu Africa, koma funso lake linali lomwe lija la pa depoti: nambala iyi yadzera kuti?

Owerenga athu ambiri amadziwa dengu la zofunika pa moyo limene a Jesuit Centre for Theological Reflection amalengeza mwezi ndi mwezi, ndipo ena amafunsa cifukwa cake silifanana ndi nambala ya kukwera kwa mitengo imene ZamStats imalengeza. Sizingafanane pakuti siziyeza cinthu cimodzi. Dengu la a Jesuit limanena ndalama zimene banja lifunika kuti lidye ndi kukhala moyenera m'tauni yakutiyakuti. Nambala ya boma imanena liwiro limene mitengo ya zinthu zambirimbiri yakwerera poyerekeza ndi caka catha. Liwirolo lingatsike pamene mitengo ikali kukwera, monga njinga imene yacepetsa liwiro koma ikali kupita patsogolo. Munthu wodziwa njira ya nambala zonse ziwiri sangakangane ndi mnzake pa zimenezi. Wosadziwa amangosankha imene igwirizana ndi cipani cake.

Sitikunena kuti ndondomeko yocokera ku Geneva ndi mankhwala a matenda onse. Pepala lokhomedwa pa khoma la ofesi siligula mafuta a njinga yamoto, silimanga mlatho wofikira ku mudzi wa kutsidya, ndipo sililipira mnyamata amene wayenda masabata atatu akulemba anthu. Kalembera amene anayenera kucitika mu 2020 anacitika mu 2022, ndipo kusowa kwa ndalama kunali pakati pa zifukwa zake. Aphungu athu akamakambirana za bajeti amakonda zinthu zooneka ndi maso, zimene angadulepo riboni, ndipo ofesi ya ziwerengero ilibe riboni. Koma kiliniki yomangidwa potsata nambala ya zaka khumi ndi ziwiri zapitazo idzakhala yocepa tsiku lomwe aitsegula.

Cinanso, ndondomeko yabwino siingadziteteze yokha kwa andale. Ku Argentina, kuyambira mu 2007, boma linalowerera pa nchito ya ofesi ya ziwerengero, ndipo nambala ya kukwera kwa mitengo imene inali kulengezedwa inakhala yotsika kwambiri kuposa zimene anthu anali kuona m'masitolo. Zinafika poti mu 2013 bungwe la IMF linadzudzula dzikolo mwa lamulo cifukwa ca manambala ake, ndipo panapita zaka kuti anthu ayambenso kukhulupirira ofesiyo. Akatswiri analipo, mabuku a ndondomeko analipo. Cimene cinasowa ndi ufulu wakuti wowerenga anene cimene wapeza ngakhale cikhale cowawa kwa olamula. Apa ndi pamene njira yolembedwa imathandiza munthu woona mtima. Tsiku lolengeza likakhala loikidwiratu, kawerengedwe kakakhala kodziwika kwa onse, nduna ya cipani ciliconse imavutika kuitana mkulu wa ofesi usiku kuti asinthe pang'ono, pakuti kusinthako kudzaoneka.

Magawo awiri otsiriza ndi amene ife a kumidzi timawamva pang'ono kwambiri, ndipo ndi pamene tili ndi dandaulo lenileni. Olemba amabwera, timawapatsa mpando, timasiya khasu ndi kuyankha mafunso kwa ola lathunthu, nthawi zina timawaphikira ndi nsima. Akapita, apita. Zotsatira zimatuluka m'mabuku a Cingerezi ndi pa intaneti, kumene mlimi wa ku Vubwi kapena ku Lumezi safika. Kulengeza sikutha pamene nduna yawerenga pepala ku hotela ku Lusaka. Cigawo ca Kum'mawa cili ndi mawailesi amene anthu amamvera tsiku ndi tsiku, monga Radio Maria ndi Breeze FM ku Chipata. N'ciani cingalepheretse mkulu wa ziwerengero wa m'cigawo kukhala pa wailesi kwa theka la ola, zotsatira za zokolola zikatuluka, nafotokoza m'Cinyanja kuti tinafunsa mabanja angati, tinawasankha motani, m'boma la Katete tapeza zakuti, m'boma la Petauke zakuti, ndipo nambala yathu ingaphonye ndi mlingo wakuti? Anthu aimbe foni, amutsutse ngati aona kuti waphonya. Pepala limodzi la zotsatira za boma lililonse likhomedwe pa ofesi ya mlangizi wa zaulimi, pa kiliniki ndi pa bolodi la parishi. Mtengo wake ndi wocepa poyerekeza ndi ndalama zimene zinapita pa kufunsa.

Gawo lotsiriza, lodzifunsa pamene unalakwa, ife timalidziwa bwino cifukwa timaphunzitsa ana kufufuza mtima asanapite kukalapa. Maofesi a ziwerengero ali ndi njira yake: kalembera akatha amatumiza gulu lina ku madera ocepa osankhidwa kukawerenganso, kuti aone kuti anthu angati anaphonyedwa ndipo angati analembedwa kawiri. Zotsatira za kudzifufuza kumeneku ziyenera kunenedwa mokweza monga mmene nambala yaikulu imanenedwera. Cimodzimodzi pa zokolola: nambala yolengezedwa cimanga cikali m'munda ndi yoyembekezera cabe, ndipo pambuyo pokolola pamayenera kubwera ina yotsimikiza. Tikufuna kumva ziwirizo zikuikidwa pamodzi caka ciliconse, kuti tidziwe ngati olosera athu amakonda kupitirira kapena kuperewera. Ndipo gawo loyamba lija, lofunsa cimene anthu afuna kudziwa, lisamathere pa maunduna ndi mabungwe opereka ndalama. Makopaletivu a alimi akanafunsidwa, mwina akananena kuti afuna kudziwa cimanga cimene cimaonongeka ndi anankafumbwe m'nkhokwe, kapena masiku amene mlimi amadikira malipiro ake atapereka cimanga.

Kwa atsogoleri a miphakati ndi makomiti a masenta, pempho lathu ndi ili. Olemba a kafukufuku wa zokolola amayenda m'midzi cimanga cikayamba kukhwima, m'miyezi ya March ndi April. Mukamva kuti afika m'dera lanu, lengezani pa zidziwitso za pa Sondo kuti anthu asawathawe. Mwini nyumba ali ndi ufulu wopempha kuona citupa ca wolemba, kufunsa kuti kafukufukuyo ndi wa ciani, ndi kufunsa kuti saka limene akunena ndi la makilogalamu angati asanayankhe. Amene amalemba zokolola zawo m'kabuku, monga alangizi amatiphunzitsira, atulutse kabukuko. Ndipo alembi a masenta amene sanabweze mafomu a lipoti la caka cino ayambe awerenga mau ang'onoang'ono ali pansi pa funso lililonse asanalembe nambala.